Pikiapu yakale ya dizilo: tiyambe tawerenga malita

Awa ndi mawu omwe nthambi yoona za misika m'bungwe lathu idayankhula pa msonkhano wa atsogoleri a makalabu ndi makopaletivi a alimi a m'chigawo cha pakati.



Kulikonse komwe takhala tikuchititsa misonkhano, nkhani ya mayendedwe siilephera kutuluka. Mlimi walima soya, wapuntha, wapeta, wathira m'matumba, koma msika wabwino uli ku Kanengo pomwe iye ali ku Mkanda. Venda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amafika ndi sikelo yake pakhomo n'kutchula mtengo wochepera pa womwe Unduna wa Zamalimidwe udalengeza, ndipo mlimi amagulitsa poti alibe pogwira. Kaamba ka ichi magulu ambiri mwa inu mwayamba kusonkherana kuti mugule galimoto yanuyanu, ndipo yomwe thumba lanu lingakwanitse ndi pikiapu ya dizilo yogwiritsidwapo kale ntchito. Ife ngati bungwe tikugwirizana nawo maganizo amenewa. Koma taonanso ndi maso athu mapikiapu a magulu atakhazikidwa pa miyala kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, mamembala osayankhulana. Ambiri mwa mapikiapu amenewo sadachite ngozi ayi. Adafa ndi ludzu la mafuta.

Mukudziwa nonse momwe dizilo wavutira m'dziko muno. Mu 2011 ndi 2012 tidagona pa mizere. Kuyambira 2022 mizere ija idabwereranso. Mu November 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo bungwe la MERA lidakweza dizilo kufika pa K2,734 pa lita, ndipo chichokereni apo wakweranso. Choncho m'mawu athuwa sitiwerenga m'makwacha, chifukwa mtengo womwe tingatchule lero ukhoza kukhala wina pofika nthawi yokolola. Tiwerenga m'malita.

Tiyerekeze gulu la ku Mchinji lomwe likutumiza soya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita 220. Pikiapu ya tani imodzi imanyamula matumba 20 a makilogalamu 50. Ngati ikuyenda makilomita 10 pa lita imodzi, ulendowo udya malita 22. Ngati ikuyenda makilomita 7 okha pa lita, udya malita 31 ndi kadontho. Kusiyana kwake ndi malita 9, ndipo wina anena kuti n'zochepa. Koma yendani katatu pa sabata kwa masabata 20 a nyengo ya msika: maulendo 60, malita 540. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo wa lero, muona kuti galimoto yomwe mudakondwera kuti mwaipeza motchipa ikubweza ndalama yomwe mudapulumutsa ija kwa eni malo omwetsera mafuta. Ndipo ndalama imeneyo ikuchoka pa thumba lililonse la soya la mayi yemwe adalima yekha ndi khasu.

Masamu omwewa akutiuzanso chinthu china chomwe ena sakondwera kumva. Ngati gulu lanu limasonkhanitsa matani 60 pa chaka, pikiapu si galimoto yopititsira katundu yense ku tauni. Lole ya matani atatu kapena asanu ndi awiri imamwa mafuta ambiri pa kilomita, komabe mukagawa mafutawo pa thumba lililonse imatchipa. Ntchito yeniyeni ya pikiapu ndi kutola matumba m'midzi momwe lole singalowe n'kuwaunjika pamalo amodzi, kuthamangitsa zinthu zosachedwa kuonongeka monga tomato, mkaka ndi ndiwo zamasamba, komanso kubweretsa mbewu ndi feteleza. Gulu liyambe lagwirizana ntchito ya galimoto lisanatume anthu kukaiona.

Tsono tigule yotani? Tikupemphani kuti musankhe mtundu womwe zipangizo zake zimapezeka ku Malangalanga kapena ku Limbe, ndiponso womwe makaniko wa pa boma lanu adautsegulapo: Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody, Mitsubishi L200 ndi ena otero. Galimoto yachilendo yomwe pampu yake iyenera kuitanitsidwa kunja idzaima mwezi wathunthu pakati pa nyengo ya msika, pamenenso ndalama zakunja zili zovuta chonchi.

Pa mainjini pali magulu awiri omwe muyenera kuwasiyanitsa. Gulu loyamba ndi la mainjini akale a pampu wamba, monga 2L, 3L ndi 5L a Toyota, TD27 ya Nissan, 4JA1 ya Isuzu ndi 4D56 ya Mitsubishi. Amenewa alibe mphamvu zambiri pa chitunda, ena mwa iwo amamwako ndithu, koma amapirira ndipo makaniko amawakonza ndi masipanala. Pakati pawo, Isuzu KB 250 idatchuka chifukwa chosamwa mafuta. Gulu lachiwiri ndi la mainjini otchedwa common rail, monga D-4D yomwe idafala ndi Hilux ya mu 2005. Awa amapopera mafuta ndi mphamvu yaikulu kwambiri motsogozedwa ndi kompyuta, kotero amakoka bwino ndipo amamwa pang'ono. Vuto lawo ndi lakuti sagwirizana ndi dizilo wakuda kapena wa madzi ngakhale pang'ono, ndipo akadwala amafuna makina owayezera komanso zipangizo zodula. Maganizo athu ndi akuti gulu lomwe lili kutali ndi tauni, lomwe nthawi zina limakakamizika kugula mafuta a m'zigubu, lisathamangire common rail. Gulu la m'mbali mwa msewu wa tala, lomwe limamwetsa pa malo odziwika, likhoza kupindula nayo.

Pali kankhani ka double cab. Tikudziwa kuti a komiti amaikonda chifukwa onse amakwana m'kati popita ku msonkhano. Koma mpando wakumbuyo uja wadya malo a matumba. Galimoto ya alimi ikhale single cab. Chimodzimodzinso 4x4: ndi yolemera, imamwa kuposa inzake, ndipo ili ndi zambiri zoti zionongeke. Igulidwe pokhapokha ngati misewu ya kwanu ikufunadi zimenezo, monga kumapiri a Dedza, Ntchisi kapena Neno m'nyengo ya dzinja.

Pokaona galimoto musapite a komiti okhaokha. Tengani makaniko wanu, osati yemwe wogulitsa wakupezerani, ndipo mumulipire tsiku lake. Fikani m'mamawa, gwirani injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, dziwani kuti wina wailiza kale pofuna kubisa kuti imavuta kudzuka, ndipo mupangane tsiku lina. Injini ya dizilo yabwino imalira msanga ikadali yozizira, utsi n'kutha posachedwa. Utsi wobiriwira ukusonyeza kuti ikuwotcha oyilo. Utsi woyera wosatha ukusonyeza kuti mafuta sakupsa bwino kapena madzi akulowa m'malo osayenera. Utsi wakuda bii ndi dizilo wanu yemwe akutuluka osagwira ntchito. Injini ikulira, makaniko atsegule pothirira oyilo: ngati pakufuka mpweya wamphamvu ngati poto wa nyemba, injiniyo yatha m'kati. Aonenso m'rediyeta ngati muli thovu kapena mafuta, komanso ngati oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka.

Kenaka gwadani pansi. Penti wonyezimira asakutengeni mtima, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yang'anani chasisi, makamaka kuseri kwa kabu ndi pomwe pamangidwa masipuling'i. Pikiapu zambiri m'dziko muno zidagwirapo ntchito ya matola kapena kunyamula njerwa, ndipo mupeza kuti chasisi idathyokapo n'kuwotcheredwa. Makilomita olembedwa pa wotchi musawakhulupirire kwambiri chifukwa amabwezedwa. Onani m'mene zopondera ndi chiwongolero zaperesekera, zimenezo sizinama. Pomaliza kwezani matumba khumi a chimanga, mukwere nayo chitunda. Wogulitsa wokana zimenezi wakuuzani kale zonse.

Za mapepala tinena mwachidule. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili mu blue book. Apolisi atsimikize kuti si yakuba. Ngati mukuitanitsa kunja kudzera ku Dar es Salaam kapena ku South Africa, funsani ku MRA msonkho wonse musanatumize ndalama, chifukwa zaka za galimoto ndi kukula kwa injini zimasintha msonkho. Kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike nthawi yomweyo, ndipo dzina lolembedwa likhale la kopaletivi, osati la wapampando, ngakhale akhale munthu wopemphera chotani. Imfa siipangana, ndipo achibale pogawa chuma cha masiye amatsata dzina lomwe lili pa pepala. Musathere ndalama zonse pogula. Siyani ina ya inshuwalansi, COF, matayala ndi sevisi yoyamba. Ngati injini yake ndi ya lamba wa timing, monga ma L a Toyota ndi 4D56, sinthani lambayo musanayambe ntchito pokhapokha pali umboni wa tsiku lomwe adasinthidwa, chifukwa akaduka galimoto ikuyenda amaononga injini.

Tsopano galimoto yafika, amayi aimba nthungululu, abusa aipempherera. Ntchito yoyamba ndi kugula kope la sukulu ndi cholembera. Dzadzani thanki mpaka pakamwa, lembani makilomita. Yendani maulendo anu. Dzadzaninso mpaka pakamwa, lembani malita omwe alowa ndi makilomita atsopano. Gawani makilomita omwe mwayenda ndi malitawo. Nambala yomwe mwapezayo ndiyo kamwedwe ka galimoto yanu, ndipo msungichuma aziidziwa ngati momwe amadziwira mtengo wa feteleza. Chizolowezi chothira malita asanu lero, atatu mawa, chimachititsa kuti pasapezeke munthu wodziwa komwe mafuta akupita. Nambala ija ikatsika mwadzidzidzi, pali zinthu ziwiri: galimoto yadwala, kapena pali kapaipi komwe kakulowa m'thanki usiku. Sitikunena kuti madalaivala onse ndi akuba. Kope lomweli limatetezanso dalaivala wokhulupirika pamene mamembala ayamba kumunong'oneza.

Zambiri zochepetsa kamwedwe n'zotchipa. Injini ya dizilo imafuna mpweya wochuluka, ndipo misewu yathu m'chilimwe ndi fumbi lokhalokha. Sefa ya mpweya ikatsekeka, mafuta sapsa onse, galimoto imafooka, dalaivala n'kumapondabe. Muziitsegula kawirikawiri, ndipo ikatha musinthe. Osaichapa ndi madzi kapena kuimenyetsa pa tayala, chifukwa pepala lake likabooka fumbi limalowa mu injini n'kumaipala ngati mchenga. Matayala akhale ndi mpweya womwe udalembedwa pa kachitsulo ka pachitseko, ndipo muziyeza m'mawa asanatenthe. Gulani matayala a katundu, omwe nambala yake imathera ndi chilembo C, monga 195R14C. Matayala aakulu a zibowo omwe anyamata amawakonda amakongoletsa galimoto koma amailemetsa kukoka. Mukayenda mtunda, gwirani malimu: lomwe latentha kuposa anzake likusonyeza kuti buleki ikugwira yokha, ndiye kuti mukulipira dizilo wokokera buleki. Tayala lodyeka mbali imodzi likufuna alaimenti. A 4x4, masulani mahabu a kutsogolo mukafika pa tala.

Tiime pang'ono pa kachipangizo kotchedwa thermostat, chifukwa apa ndi pomwe ambiri tidanamizidwa. Galimoto ikangoyamba kutentha, amakaniko ena amakachotsa n'kukataya, amvekere kameneka n'ka kumaiko ozizira, kuno ku Africa n'kosafunika. Si zoona. Ntchito yake ndi kutsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itafika pa kutentha komwe idapangidwira, madigiri 80 ndi kupitirirako pang'ono. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, alibe mapulagi a moto ngati petulo. Injini yoyenda yozizira siwotcha bwino mafuta, oyilo wake amakhala wolemera, ndipo imatha msanga. Ganizirani galimoto yonyamuka 4 koloko m'mawa mwezi wa June ku Tsangano kapena ku Bembeke ilibe thermostat: ikhoza kuyenda mtunda wautali isanafunde. Ngati galimoto ikutentha, chomwe chavuta ndi rediyeta yotsekeka ndi matope a madzi a pachitsime, fani yofooka, chitsekero chotha kapena pampu ya madzi. Konzani zimenezo, thermostat ibwerere m'malo mwake.

Palinso tizitsulo topopera mafuta mu injini, tomwe amakaniko amati manozo. Tikatha, m'malo mopopera ngati nkhungu timangodontheza, ndipo zotsatira zake ndi utsi wakuda ndi ludzu. Kukatiyezetsa pa makina ku tauni kumaoneka kodula, koma ndalama yake imabwerera. Chomwe tikukaniza ndi kulola munthu kutsegula pampu pansi pa mtengo kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Akungoonjezera mafuta omwe injini singathe kuwotcha. Tikukanizanso timaginito tomangirira pa paipi ndi timapiritsi toponya m'thanki tomwe amalonda amati timachepetsa mafuta ndi theka. Zikadakhala zoona, opanga galimoto akadaziika okha kalekale.

Za mafuta a m'zigubu tikudziwa kuti nthawi zina simuchitira mwina. Komabe dziwani kuti dizilo ndi amene amafewetsa zitsulo za m'kati mwa pampu. Wosakaniza ndi palafini ndi wouma, ndipo galimoto imayenda ndithu kwa masabata angapo pampu ikudyeka mwakachetechete. Madzi ndiye oipitsitsa. Pansi pa sefa ya mafuta pali kotsegulira kotayira madzi, ndipo dalaivala aphunzitsidwe kukagwiritsa ntchito. Mukakakamizika kugula a m'chigubu, thirani pang'ono m'botolo loyera, mudikire. Madzi amakhala pansi.

Gawo lalikulu lotsala lili pa phazi la dalaivala. Galimoto ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo mphamvu ya mphepoyo imakula msanga kuposa liwiro. Pa makilomita 100 pa ola imaposa ya pa 80 ndi theka lonse. Kuchokera ku Mchinji kukafika ku Lilongwe, wothamanga pa 100 amangopambana wa pa 80 ndi mphindi 16 kapena 17. Soya savunda m'mphindi 17. Katundu womangidwa mosanjikiza mpaka kupitirira kabu, lona likukupiza, amaonjezera vuto lomweli. Kusiya injini ikulira theka la ola pa depoti podikira sikelo n'kutaya mafuta, ngakhale kuti ya turbo imafuna mphindi imodzi kapena ziwiri kuti izizire isanazimitsidwe pambuyo pa ulendo wautali. Ndipo ngati mumaopa kuzimitsa chifukwa siidzukanso, gulani batire, musamalipire dizilo m'malo mwake.

Chizolowezi china chomwe chatenga miyoyo ndi choika giya pa neutral potsetsereka, ena mpaka kuzimitsa injini, ati kusunga mafuta. Tamvetsani bwino apa. Galimoto ya dizilo ikamatsika ili m'giya, phazi litachoka pa moto, pampu imadula mafuta yokha pafupifupi onse chifukwa matayala ndi omwe akuzunguza injini. Mukaika pa neutral, injini iyenera kumwa kuti isazime. Ndiye kuti palibe chomwe mwasunga, koma mwasiyira mabuleki okha katundu yense. Pa mtsetse wautali ngati wa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena wa ku Chikwawa, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Mukazimitsa injini ndiye mwachotsanso mphamvu yothandizira buleki ndi chiwongolero. Dalaivala wopezeka akuchita zimenezi gulu lisamunyengerere.

Pa kulemetsa katundu tikudziwa yankho lanu: mafuta adula, bwanji osakweza matumba 35 ulendo umodzi? Pa tsikulo masamu amaoneka ngati akukomerani. Koma masipuling'i, kilatchi, matayala ndi chasisi zimasunga ngongoleyo, ndipo zimadzaitanitsa tsiku lomwe galimoto ili pakati pa dambo. Njira yabwino yochepetsera mafuta pa thumba ndi kusabwerera opanda kanthu. Galimoto yopita ndi soya ibwere ndi feteleza, mbewu, simenti ya membala kapena katundu wa ogulitsa m'magolosale a kwanu, onse olipira. Mlembi azidziwa za katundu wobwerera galimoto isananyamuke. Anthu okwera pamwamba pa matumba ayi. Pakachitika ngozi, a inshuwalansi adzafunsa zomwe galimotoyo idalembetsedwa kunyamula.

Nkhani ya maliro ndi matenda tiikambe poyera, mafumu athu ali pompano. Galimoto ikakhala m'mudzi siingakane kunyamula wodwala kapena chitanda, ndipo sitikufuna kuti ikane. Koma gulu ligwirizane pa msonkhano waukulu, zilembedwe, kuti ulendo wotere mafuta ake amathira ndani ndipo pa kilomita ndi ndalama zingati, membala ndi yemwe si membala. Zikapanda kulembedwa, wapampando amaoneka wankhanza akakana, ndipo akavomera thumba la gulu limatha popanda wodziwa. Pa ulendo uliwonse wa malonda muzipatulanso ndalama ya matayala ndi sevisi, isungidwe ku banki kapena ku SACCO, osati m'thumba la dalaivala.

A Wapampando, pali zina zomwe mlimi sangakonze ndi sipanala, ndipo zimenezi tikuzipereka kwa akuluakulu a boma omwe ali pakati pathu. Pa lita iliyonse ya dizilo pali ndalama ya misewu yomwe imapita ku Roads Fund Administration. Mlimi amalipira ndalama imeneyi mofanana ndi wa m'tauni, ndipo akadutsa pa Chingeni kapena pa Kalinyeke amalipiranso pa zipata zomwe zidatsegulidwa mu 2021 ndi 2022. Koma msewu wochoka kumunda kwake kukafika pa tala ndi womwe umamuyendetsa pa giya yoyamba ndi yachiwiri, momwe galimoto imamwa koposa, ndipo mlatho umodzi ukakokoloka amazungulira mtunda wowirikiza. Tikupempha makhonsolo kuti misewu ya kumadera a ulimi izipalidwa mvula ikangosiya, msika usanatsegulidwe, osati mwezi wa October zokolola zitapita kale ndi mavenda.

Tikupempha a MERA ndi a Malawi Bureau of Standards kuti kuyendera malo omwetsera mafuta, kuona ubwino wa dizilo ndi kulondola kwa mapampu, kuzifikanso m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene kugula m'zigubu kwaletsedwa, pakhale njira yapafupi yoti kopaletivi yolembetsedwa ipeze chilolezo pa boma pomwepo, chifukwa chigayo ndi pampu yothirira sizingayende kupita pa mzere. Ku Unduna wa Zachuma, pa zokambirana zokonzekera bajeti, tidzapitanso ndi pempho loti msonkho wa galimoto zonyamula katundu zogulidwa ndi makopaletivi olembetsedwa uunikidwenso, kuti alimi asamakakamizike kugula zotheratu. A TEVETA nawo tikuwapempha kuti maphunziro a injini za dizilo zamakono afike kwa amakaniko a m'maboma.

Kuti mapempho amenewa akamveke, tikufuna manambala ochokera kwa inu. Magulu omwe muli kale ndi galimoto, yambani kope lija sabata ino: tsiku, komwe mwapita, makilomita, malita, matumba opita ndi obwerera, ndi zomwe zaonongeka pa msewu uti. Alangizi athu adzatolera makope amenewa pakutha pa nyengo ya msika. Magulu omwe mukufuna kugula, onanani nafe pa nthawi yopuma kuti tigwirizane tsiku lomwe tingadzakhale nanu pansi n'kuwerengera limodzi matani anu ndi mitunda yanu musanapereke ndalama kwa wina aliyense.